Phunziro la Mwezi Uno: Za Bokosi la Zovala



Mwezi uno wa Novembala dzuwa lili kuswa mtengo, mitambo yayamba kusonkhana madzulo, ndipo munthu aliyense ali kalikiliki kufolera denga ndi kutsiriza mizere m'munda. Pokonzekera mvula chotere, pali chinthu chimodzi cha m'nyumba chimene ambiri tichiiwala, ndicho bokosi la zovala. Wina ali ndi bokosi lamatabwa, wina lachitsulo, wina sutikesi imene atate ake anabwera nayo kuchokera ku Joni, wina chikwama, ndipo wina ali ndi chingwe chokha chomangidwa m'chipinda kuyambira khoma ili kufikira khoma ilo. Zonsezi m'phunziro lino ndidzazitcha bokosi.

Kapena wina adzati, Kodi mphunzitsi wasowa mawu a Mulungu, kuti ayambe kutiuza za nsanza? Leza mtima, mbale wanga. Kumbukira kuti makolo athu oyamba atachimwa, Mulungu mwini ndiye anawasokera zovala zachikopa asanawatulutse m'munda muja. Chimene Mulungu sanachiyese chochepa, ifenso tisachinyoze.

I. Chimene ndinaona pa maliro

Chaka china ndinaitanidwa kukatsogolera mapemphero pa maliro a mayi wina wokalamba, m'mudzi umene sindiutchula dzina. Mayiyo anali Mkhristu wokhulupirika, wosajomba ku Misa, ndipo tonse tinamzolowera ali ndi chitenje chimodzi chofwifwa ndi bulauzi ya zigamba. Atapita masiku, abale anasonkhana monga mwa mwambo wathu kuti agawane zovala za malemu. Anatulutsa bokosi lamatabwa limene linali pansi pa ngodya ya chipinda, nathyola loko, pakuti kiyi sanaipeze. Pamwamba panali nsalu zatsopano, zopindidwa bwino, zina zikali ndi pepala la ku sitolo. Ndizo zimene ana ake a m'tauni anali kumtumizira chaka ndi chaka. Anthu anayamba kukondwa. Koma atatukula nsalu ziwiri zitatu, anapeza pansi pake dothi lokhalokha. Chiswe chinaboola thabwa la pansi, ndi kudya nsaluzo kuyambira pansi kukwera m'mwamba. Ndipo zija zooneka zabwino, pozitambasula, zinali zibowo m'mapindo monse.

Pakhomo pomwepo panakhala mdzukulu wake, kamtsikana kamasiye kamene kanali kumtungira madzi ndi kumtolera nkhuni, katavala kadiresi kong'ambika paphewa. Palibe amene ananena kanthu, koma tonse tinakayang'ana kamwanako, ndi kuyang'ananso dothi lija.

Ine sindimweruza mayiyo. Anakulira mu usiwa, nauopa moyo wake wonse, ndipo anayesa kuti bokosi lotseka lidzamtchinjiriza. Koma tsiku lomwelo ndinaphunzira kuti pa nkhani ya zovala munthu akhoza kulakwa pawiri: akhoza kusadziwa kasungidwe kake, ndipo akhoza kuiwala chifukwa chake tisunga. Tiyeni tsono tione zonse ziwiri.

II. Mtengo wake wa nsalu

Poyamba tikumbukire kumene tachokera. Makolo athu anavala zikopa ndi chiwondo. Munthu anali kupita kutchire kukasenda khungwa la mombo, nalinyika, nalimenya ndi chibonga nthawi yaitali kufikira litafewa ndi kutambasuka. Ndipo mvula ikalivumbwa kawirikawiri silinali kukhalitsa. Ena anadziwa kuomba nsalu. M'chaka cha 1859, David Livingstone pokwera mtsinje wa Shire anapeza Amang'anja alikulima thonje, kupota ulusi ndi kuomba nsalu zawo m'midzi. Koma nsalu imodzi inali kudya masiku ambiri a ntchito. Amalonda a Chiyao anabwera ndi nsalu za kunyanja yaikulu, monga ija yoyera yotchedwa merikano, imene dzina lake lichokera ku dziko la America. Nsalu zotere zinali chuma chenicheni, zogulira minyanga, ndipo, tinene mwachisoni, zogulira ndi anthu omwe. Pamene ansembe a Montfort anafika ku Utale m'chaka cha 1908, chiwondo chinali chisanathe m'midzi.

Kunadzanso masitolo a Mandala ndi a Amwenye. Njanji yochokera ku Blantyre inapyola pa Balaka pano nifika ku Salima m'chaka cha 1935, ndipo inanyamula thonje lathu kunka nalo kutali, ndi kutibweretsera nsalu zoombedwa kale. M'chaka cha 1967 kampani ya David Whitehead inayamba kuomba nsalu ku Blantyre, kotero kuti anthu anayamba kuvala chitenje cha m'dziko lawo lomwe. Kuyambira zaka za m'ma 1990 kaunjika anachuluka m'misika yonse, ndiwo mabelo a zovala zimene anthu a kutsidya kwa nyanja anavalako kale. Tsono lero mnyamata akhoza kukhala ndi malaya asanu, pamene agogo ake anakwatira ali ndi nsalu imodzi.

Tiyamike Mulungu kuti usiwa wachepa. Koma chinthu chikachuluka, ulemu wake uchepa. Inu alimi a thonje a kuno mudziwa bwino mtengo wa ulusi: kubzala ndi mvula yoyamba, kupatulira, kupalira, kupopera mankhwala, kutola dzuwa lili pamutu kufikira msana utauma. Malaya alionse a thonje, angakhale a pa kaunjika, anayambira m'thukuta lotere la munthu wina. Ambuye athu atadyetsa khamu lija m'chipululu, analamula kuti makombo atoledwe, ngakhale anali ndi mphamvu ya kuchulukitsa buledi wina. Chomwecho Mkhristu asataye chovala chifukwa cha ulesi.

III. Kusamala chovala cha masiku onse

Ambiri asamala suti ya ukwati ndi nsalu ya chikondwerero, koma chovala cha kumunda ndi cha pakhomo achiponya paliponse. Komatu chovala cha masiku onse ndicho chikhudza thupi nthawi yaitali, ndipo ndicho chikhoza kutisunga kapena kutidwalitsa. Gwirani malangizo awa.

1. Chapani chovala chisanade kwambiri. Thukuta likakhalitsa m'nsalu liwoletsa ulusi, ndipo litsiro lokhazikika lifuna kumenyetsa chovala pamwala, ndiko kuchifupikitsa moyo. Kuno kwathu kotentha, kuchapa pang'ono kawirikawiri kusunga sopo ndi nsalu yomwe.

2. Yanikani pa chingwe, padzuwa, osati pansi kapena pa udzu wa pamthunzi. Pali ntchentche ina imene iikira mazira pa dothi ndi pa nsalu yonyowa, makamaka yonunkha mkodzo kapena thukuta. Munthu akavala nsaluyo, timphutsi tilowa m'khungu ndi kutupitsa ngati chithupsa. Makanda ndiwo avutika koposa, chifukwa cha matewera. Amayi, musanene kuti mwana walodzedwa. Onani poyamba pamene munayanika nsalu zake.

3. Sitani ngati muli ndi simbi, kapena bwerekani kwa mnansi. Simbi ya makala sili ya anthu onyada okha ayi: moto wake upha mazira a ntchentche ija, ndiponso nsabwe zimene zibisala m'misoko. Sitani mbali zonse ziwiri, ndi kutsata misoko.

4. Mphere ikalowa m'nyumba, mankhwala a ku chipatala adzole onse a m'nyumbamo pamodzi, ndipo zovala ndi zofunda zichapidwe ndi madzi otentha ndi kuyanikidwa padzuwa tsiku lomwelo. Mukachiza mwana mmodzi ndi kumfunditsa bulangete lakale lomwe lija, mwataya mankhwala pachabe.

5. Chovala chimene mupopera nacho mankhwala m'munda wa thonje chikhale pachokha. Musachichape pamodzi ndi za ana, musachipachike m'chipinda chogona, ndipo botolo la mankhwalawo lisayandikire bokosi la zovala, pakuti ndi poizoni wolowera pakhungu.

6. Sokani pong'ambika pakali pang'ono. Batani limodzi ndi ulusi wa chikhato chimodzi zipulumutsa malaya lero. Mukadikira mwezi, mudzalipira telala, kapena kutaya malaya onse. Atate, phunzitsani ana anu aamuna kugwira singano. Palibe lamulo lakuti singano ndi ya akazi okha. Ndipo chigamba choyera sichichititsa manyazi. Chochititsa manyazi ndi litsiro la munthu amene madzi ali nawo pafupi.

IV. Adani a m'bokosi

Tsopano tibwere ku bokosi lenileni. Adani ake ndi asanu: chiswe, chinyezi, makoswe, mphemvu ndi njenjete. Onsewa akonda zinthu zitatu, ndizo mdima, litsiro, ndi malo amene mwini wake safikapo kawirikawiri.

Chiswe chichokera pansi ndi m'khoma. Chifukwa chake ikani bokosi pa njerwa kapena pa miyala, kuti tsache lilowe pansi pake, ndipo lilekane ndi khoma ngati chikhato chimodzi. Mukaona kanjira ka dothi kakukwera pa njerwa, kafafanizeni tsiku lomwelo. Kukweza bokosi kuthandizanso pa madzi. Tonse tikumbukira mvula ya mu Januwale 2015, pamene Balaka ndi Machinga anali mwa maboma amene anasefukira madzi, ndipo nyumba zambiri zinagwa. Pa tsoka lotere, chimene chili pansi ndicho chiyamba kuonongeka. Makalata a ubatizo, ziphaso ndi mabuku a ku chipatala, zimene ambiri tiika pakati pa zovala, zikulungeni m'pepala la pulasitiki.

Chinyezi chibala nkhungu, ija ya madontho akuda imene sichoka ndi sopo. Musaike m'bokosi chovala chimene sichinaume bwino, ngakhale chili chozizira pang'ono pokha. Bokosi lachitsulo liyaleni pepala kapena nsalu yakale pansi, kuti dzimbiri lisadye zovala. Ndipo amene musunga m'matumba a pulasitiki, dziwani kuti thumba lotere litsekera chinyezi m'kati momwemo.

Makoswe ndi mphemvu atsata chakudya. Amayi ena abisa mtedza, shuga kapena nsomba zouma m'bokosi la zovala poopa ana. Potero aitana alendo oipa koposa ana. Njenjete ikonda majuzi, mabulangete ndi majekete a ubweya, ndiponso nsalu iliyonse imene yaikidwa ili ndi thukuta. Chifukwa chake zofunda za m'nyengo yozizira ya Juni zichapidwe zisanasungidwe. Masamba ouma a nimu, mtengo umene uli wambiri kuno, athandiza kuingitsa tizilombo mukawaika pakati pa nsalu. Timibulu toyera ta ku sitolo tija tigwiranso ntchito, koma tibiseni kwa ana, pakuti mwana atiyesa maswiti, ndipo ndi poizoni.

Koma mankhwala oposa onse ndi awa: tsekulani bokosi kamodzi pa mwezi, tulutsani zonse, kung'unthani, ziyanikeni padzuwa, sesani pansi. Mdani aliyense wa zovala aopa dzanja la mwini wake. Chovala chovalidwa ndi kuchapidwa chitha pang'onopang'ono, chitagwira ntchito yake. Chovala chotsekeredwa chitha osathandiza munthu aliyense.

V. Chovala cha Lamulungu

Pali bokosi lina lovuta, ndilo la munthu amene alibe chosunga. Poyendera mabanja ndifunsa kawirikawiri, Bwanji simuoneka ku tchalitchi masiku ano? Ena anena za matenda, ena za ulendo. Koma mukakhala nawo pansi nthawi ndithu, choonadi chituluka: Aphunzitsi, ndilibe chovala. Bambo wina anakhala miyezi yambiri osalandira Masakramenti chifukwa buluku lake linang'ambika kumbuyo, ndipo Lamulungu lina anamva anyamata akuseka pamene iye anagwada.

Mlandu uwu ngwa yani? Pang'ono ngwake, pakuti Mulungu sayang'ana buluku. Koma waukulu ngwathu. Yakobo Woyera, m'mutu 2 wa kalata yake, adzudzula Akhristu amene apatsa malo abwino munthu wovala zokongola ndi kuimiritsa wosauka kumbuyo. Kodi zimenezi zinatha? Taonani umo maso athu athamangira pa nsalu yatsopano ya mnzathu polowa m'tchalitchi, ndi umo ena akongolera ndalama kuti asabwereze chitenje chimene anavala pa Pasaka. Akulu anati, chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Kuvala bwino pa Lamulungu nkwabwino, pakuti tipita kwa Mfumu. Koma kuvala bwino ndiko kuvala chochapa, chosokedwa ndi chaulemu. Iwe amene uli ndi malaya amodzi, uwachape Loweruka, uwayanike, ubwere nawo m'mawa usachite manyazi. Ndipo inu akuluakulu a mpingo, mukamva mwana akuseka chigamba cha munthu m'nyumba ya Mulungu, mudzudzuleni monga mukadamdzudzulira atatukwana.

VI. Kupatsa n'kuika

Tsono tafika pa mtima wa phunziro lathu. Ambuye Yesu, m'mutu 6 wa Mateyu, atchula njenjete ndi dzimbiri, adani omwewa a bokosi lathu, pofuna kutiphunzitsa kuti chuma chosungidwa pansi pano sichikhalitsa, ndi kuti kuli mosungira mwina mmene tizilombo sitifika. Makolo athu, asanamve Uthenga Wabwino, anali nako kale kuwala pang'ono kwa choonadi ichi, pakuti anati, Kupatsa n'kuika. Ndiko kunena kuti chimene wapatsa mnzako sichinatayike. Wachisunga pamalo pabwino.

Yohane Mbatizi, anthu atamfunsa chimene ayenera kuchita, sanawauze zovuta. Anawauza kuti mwini malaya awiri agawireko amene alibe. Ku Yopa kunali mayi dzina lake Tabita. Atamwalira, amasiye anaonetsa Petulo Woyera zovala zimene iye anawasokera, alikulira. Linganizani maliro awo ndi maliro aja ndinakusimbirani. Bokosi la Tabita linali pa matupi a amphawi, ndipo chiswe sichinalipeze. Pa 11 mwezi uno tikumbukira Martino Woyera wa ku Tours, amene anamwalira m'chaka cha 397. Akali msilikali, anakumana ndi wopemphapempha wozizidwa pa chipata cha mzinda wa Amiens, ndipo posowa china chompatsa, anadula mwinjiro wake pakati ndi lupanga, nampatsa theka. Iye anagawa chimene anavala. Ife tipemphedwa kugawa chimene chili kugona m'bokosi.

Sinditi mukhuthule zonse. Nkwanzeru kusunga chofunda cha nyengo yozizira, nsalu ya mayi woyembekezera, yunifolomu ya mwana wa sukulu, ndi nsalu ya pa tsoka la maliro. Koma chovala chimene simunachivale kuyambira kukolola kwa chaka chatha kufikira kwa chaka chino, ndipo simudziwa tsiku limene mudzachivala, chimenecho chili ndi mwini wake wina amene alikuchidikira.

Popereka, tsatani njira iyi. Yambani m'nyumba mwanu. Pali abambo amene ali ndi majekete atatu pa msomali, pamene mkazi wawo afunda usiku chitenje chomwe anavala usana. Pali nyumba zimene ana obadwamo avala zatsopano pa Khirisimasi, koma mwana wamasiye wa malemu mlongo wawo alandira zotsala zokhazokha. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mukatha apo, onani mnansi: nkhalamba, wodwala, wolumala, banja limene nyumba yawo inapsa. Perekani chovala chochapa ndi chosoka, chimene inu mukadalola kuvala; nsanza zenizeni zisandutseni zopukutira, musaziyese mphatso. Ndipo perekani mwakachetechete. Musaloze munthu pa msonkhano ndi kuti, Malaya aja ndi anga. Mukatero mwamvula kachiwiri.

Chinanso, pa tsiku la msika dziletseni. Kaunjika akatsika mtengo, mtima uti, ichi chakoma, icho chakoma. Ndipo mudziwa chimene chinamgwera pusi. Musanagule, dzifunseni ngati m'nyumba mwanu mulibe wina wosowa koposa inu.

Abale anga, tsiku lidzafika limene bokosi la aliyense wa ife lidzatulutsidwa pabwalo, ndipo ena adzathyola loko. Pa tsiku la chiweruzo, monga tiwerenga m'mutu 25 wa Mateyu, Mfumu sidzawerenga nsalu zimene tinasiya. Idzatikumbutsa za ausiwa amene tinawaveka ndi amene tinawapitirira, ndi kutiuza kuti mwa iwo munali Iye mwini. Chifukwa chake, mvula isanagwe, sankhani tsiku limodzi sabata ino: tulutsani bokosi, liikeni pa njerwa, yanikani zovala, sokani zong'ambika, ndipo patulani mulu wa mnzanu.

Mafunso okambirana m'miphakati

1. Tchulani adani asanu a bokosi la zovala, ndi njira yogonjetsera aliyense.
2. Chifukwa ninji sitiyenera kuyanika nsalu za mwana pansi?
3. Kodi m'mudzi mwathu alipo amene waleka kupemphera chifukwa cha kusowa chovala? Tidzamthandiza bwanji osamchititsa manyazi?
4. Kodi m'bokosi langa muli chiyani chimene sindinavale chaka chonse, ndipo ndidzampatsa yani?

Mulungu akusungeni nonse, ndi kudalitsa mbewu zanu.

Ndine mbale wanu mwa Khristu,
Mphunzitsi wa katekisimu.